Saladi wa tofu, masamba ndi msuzi wa mtedza: mafunso ndi mayankho

Ndikauza anthu kuti masiku ena chakudya chamasana kwathu chimakhala saladi yekha, funso loyamba silisintha: "Nanga nsima mumadya nthawi yanji?" Kenako amafunsa za tofu, chakudya chopangidwa kuchokera ku soya chimene ndimaika m'saladimo, kuti n'chiyani, amakoma bwanji, akupezeka kuti. Mafunso amenewa ndawamva kwa achibale amene adokotala anawauza kuti achepetse nyama, kwa anzanga a mpingo wa Seventh-day Adventist, kwa ena amene amasala nyama m'nyengo ya Lenti, ndiponso kwa anthu amene nyama yangowakwerera mtengo. Ndawasonkhanitsa pano ndipo ndayankha monga mmene ndimaphikira pakhomo.

Kodi saladi angakhale chakudya chenicheni, choti munthu n'kukhuta?

Saladi amene ambirife tinamuzolowera ndi kabichi uja wodula mopyapyala amene amatiikira pambali pa tchipisi pachiwaya, wothira viniga ndi kamchere. Ameneyo sakhutitsa, ndipo sanapangidwire kukhutitsa. Amene ndikunena pano ndi wina.

Ku Indonesia kuli chakudya chotchedwa gado-gado, dzina lomwe limatanthauza kusakanizasakaniza. M'mbale imodzi amaikamo kabichi wofwafwaza, zitheba, mphukira za mphodza, masamba obiriwira, mbatatesi yowiritsa, nkhaka, tofu wokazinga, dzira lowiritsa, ndipo pamwamba pake amathira msuzi wa mtedza wochindikala. Mumzinda wa Jakarta amagulitsa m'mbali mwa msewu, wogulitsayo n'kumasinja mtedza pamwala inu mukuona. Anthu amadya n'kubwerera kuntchito atakhuta. M'chaka cha 2018 unduna wa zokopa alendo wa dzikolo unachiika m'gulu la zakudya zisanu zoimira dziko la Indonesia.

Nditachilawa koyamba, chimene chinandigwira mtima n'chakuti kakomedwe kake sikanali kachilendo. Masamba ndi mtedza. Ndi ukwati womwe uja wa nkhwani wotendera, kungoti iwo saphikira pamodzi: masamba amawafwafwaza paokha kuti akhale okukutika, msuzi n'kuuthira pomaliza. Choncho saladi wokhutitsa amafuna zinthu zinayi m'mbale: chokhutitsa monga mbatata kapena mpunga, chomanga thupi chomwe ndi tofuyo, masamba ambiri amitundumitundu, ndi msuzi wokhala ndi mafuta komanso kowawasa. Chimodzi chikasowa, pofika 3 koloko masana mimba imayamba kulira.

Tofu n'chiyani kwenikweni? Kodi ndi nyama ya soya ija?

Ayi, ngakhale zonse zimachokera ku soya. Nyama ya soya ya m'mapaketi ija imapangidwa kufakitale kuchokera ku ufa wa soya amene amuchotsa mafuta, n'kuuumitsa. Tofu amachokera ku mkaka wa soya. Soya amamuviika m'madzi, kumupera, kusefa, kuwiritsa mkakawo, kenako kuthiramo chinthu choundanitsa. Mkaka umagawanika monga mmene chambiko chimachitira, zoundana pawokha madzi pawokha. Zoundanazo akazikulunga m'nsalu n'kuzipsinja, zimagwirana n'kukhala chibuma choyera, chofewa, chodulika ndi mpeni. Ameneyo ndiye tofu.

Anayambira ku China, komwe akhala akudyedwa kwa zaka zoposa 1,000, ndipo kuchoka kumeneko anafalikira ku Japan, Korea, Vietnam mpaka ku Indonesia, komwe amamutchula kuti tahu. Ku China ambiri amaundanitsa ndi ufa woyera wotchedwa calcium sulphate, pamene ku Japan amakonda nigari, madzi owawa amene amatsala akamayenga mchere wa m'nyanja. Pakhomo, madzi a mandimu kapena viniga amagwira ntchito yomweyo.

Ndikafika m'sitolo ndigule wamtundu wanji?

Gulani wolimba. Papaketi amalemba kuti firm kapena extra firm. Wolembedwa kuti silken ndi wofewa ngati phala logona, ndipo mukangomuika pachiwaya amaphwanyika. Ameneyo amayenera supu kapena kupangira msuzi.

Amene muli ku Britain mumupeza m'masitolo akuluakulu onse, m'furiji momwe amaikamo zakudya za anthu osadya nyama. Ku Johannesburg, masitolo a anthu a ku China a ku Cyrildene amagulitsa tofu watsopano, ndipo masitolo akuluakulu enanso amakhala naye. Kumudzi kuno ku Malawi, yambani mwafunsa m'masitolo ogulitsa zakudya za ku Asia m'mizinda. Onani tsiku lotha ntchito, ndipo paketi ikakhala yofufuma isiyeni.

Kwathu kulibe sitolo yotere. Ndingapange ndekha?

Mungathe, ndipo ili ndi funso limene ndimalikonda koposa. Soya timalima tokha ku Mchinji, Kasungu, Dedza, Ntchisi, Lilongwe ndi madera ena, koma wochuluka amathera ku mafuta ophikira ndi zakudya za nkhuku, wina n'kulowa m'phala la ana. Chikhalirecho kuchokera ku makapu awiri a soya wouma mukhoza kupeza chibuma cha tofu chokwanira banja la anthu anayi.

Sankhani soyayo, kuchotsa timiyala ndi wofumbwa. Mutsukeni n'kumuviika m'madzi ambiri usiku wonse, maola 8 mpaka 12. M'nyengo yotentha ya Okutobala musapitirire maola 8, chifukwa amayamba kusasa. M'mawa mupeza watupa kuwirikiza kawiri. Tayani madziwo, mutikiteni m'manja kuti makoko ena achoke, n'kutsukuluza.

Tsopano mupereni. Wokhala ndi blenda agaye pang'onopang'ono pamodzi ndi madzi. Wopanda blenda asinje mumtondo woyera mpaka asalale, kenako asungunule ndi madzi. Madzi onse pamodzi akhale malita awiri ndi theka kapena atatu. Yalani nsalu yoyera yopyapyala pamwamba pa poto wamkulu, thirani phalalo, mangani nsaluyo n'kufinya mwamphamvu mpaka mkaka wonse utsike.

Ikani mkakawo pamoto ndipo musachokepo. Mkaka wa soya umachita thovu n'kusefukira mwadzidzidzi. Ulendo wanga woyamba ndinangotembenuka kukatenga mandimu, pobwerera theka la mkaka linali litathera pambaula, makala atazima. Potowo ukhale waukulu kuposa mmene mukuganizira, ndipo muzitakasa pansi kuti usapserere. Ukawira, chepetsani moto, uwire pang'onopang'ono kwa mphindi 10 mpaka 15. Kuwiritsaku musakudumphe: soya wosaphika ali ndi zinthu zimene zimasokoneza kagayidwe ka chakudya m'mimba, ndipo moto ndi umene umazithetsa, n'kuchotsanso kafungo kaziwisi kaja.

Phulani, dikirani mphindi zitatu kapena zisanu kuti ukali wa moto utsike. Sakanizani masipuni aakulu asanu a madzi a mandimu ndi kapu imodzi ya madzi ofunda. Thirani theka, takasani kawiri katatu modekha, thirani otsalawo pamwamba, vundikirani, musakhudzenso kwa mphindi 15. Mukavundukula muona zoyera zitaundana, zikuyandama m'madzi achikasu oonekera pansi. Madziwo akakhala adakali oyera ngati mkaka, onjezani sipuni ina ya mandimu n'kudikiranso.

Yalani nsalu m'sefa kapena m'kabokosi kapulasitiki koboola pansi. Tungani zoundanazo ndi chikombe, ikani m'nsalumo, pindani nsalu pamwamba, sanjikani mbale yafulati, ndipo pambalepo ikani cholemera monga botolo la madzi la malita awiri. Pakatha theka la ola tofu wagwirana. Mukafuna wolimba bwino wokazinga, msiyeni ola lathunthu. Tofu wa mandimu amakhala wonyenyeka pang'ono kusiyana ndi wa m'sitolo, komanso amamveka kowawasa patalipatali. M'saladi zimenezo sizivuta konse.

Nanga zotsala m'nsalu zija nditaye?

Musataye. Ku Japan amazitchula kuti okara ndipo amaziphika ngati ndiwo. Zisakanizeni mu ufa wa mandasi, wa zitumbuwa kapena wa chikondamoyo, kapena muzithire m'phala likamawira. Chachikulu zipse, poti zinasefedwa soya asanaphikidwe, ndipo zigwire ntchito tsiku lomwelo chifukwa zimasasa msanga.

Ndinalawapo tofu koma sanandikomere, anali wozizira. Ndinalakwitsa pati?

Dandaulo limeneli ndi loona. Tofu wongochotsa m'paketi n'kumuduladula m'saladi sakoma, ndipo anthu ambiri amene amati amadana naye anakumana ndi wotereyu. Koma taganizani, nsima payokha imakoma chiyani? Ubwino wa tofu ndi womwewo, amalandira chilichonse chimene mwamupatsa. Vuto ndi lakuti amabwera atadzaza madzi, ndipo chinthu chodzaza madzi sichilandira mchere komanso sichipsa bwino pamafuta.

Choyamba, mufinyeni. Mukulungeni m'kansalu koyera ka mbale, muikeni pathabwa, sanjikani poto wolemera pamwamba kwa mphindi 20 mpaka 30. Mudzadabwa ndi madzi amene atuluke. Wopanga nokha amene mwamupsinja ola lathunthu safunanso zimenezi.

Chachiwiri, akolere. Mudulenidule m'tizidutswa tonga chala chachikulu. Sakanizani masipuni awiri a soy sauce (msuzi wakuda wamchere wochokera ku soya), adyo wosinja, jinja wopala pang'ono ndi madzi a ndimu theka. Viikani tofuyo mmenemo kwa theka la ola. Mafuta musathire pamenepa, chifukwa amakuta tofu n'kutsekereza zokometsera kuti zisalowe. Soy sauce akasowa pali njira ina yosavuta: wiritsani madzi othira mchere wambiri, thirani pa tofu woduladula, akhale mphindi 10, kenako mumuumitse ndi nsalu. Mchere umalowa mpaka mkati ndipo tofu amalimba.

Chachitatu, moto. Pukutani tizidutswato, tigubuduzeni mu ufa wa kondowole wosefa kapena cornflour, pang'ono chabe. Tenthetsani chiwaya ndi masipuni awiri kapena atatu a mafuta mpaka atenthe ndithu. Yalani tofu motalikirana, ndipo musamugwedeze. Apa m'pamene ambiri amalephera, amayamba kutembenuza asanachite nkhoko, iye n'kumatirira n'kuphwanyika. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakatha mphindi zitatu kapena zinayi amamasuka yekha pachiwaya, pansi atafiira bwino. Mukatero tembenuzani mbali ina. Wokhala ndi uvuni akhoza kumupaka sipuni imodzi ya mafuta n'kumuotcha pa madigiri 200 kwa mphindi 25 mpaka 30, kutembenuza kamodzi.

Njira ina kwa amene muli ndi furiji yoziziritsa mpaka kuuma: ikani tofu mmenemo usiku wonse, kenako mumusungunule n'kumufinya. Madzi akaundana amasiya timabowo mkati, tofu amasanduka ngati siponji, wotafunika, ndipo amamwa msuzi kwambiri. Amene akusowa kutafuna kwa nyama amakonda wotereyu.

Ndiikemo masamba ati? Onse akhale aawisi?

Ayi, ndipo apa m'pamene gado-gado anandiphunzitsa chinthu. Saladi sakakamiza kudya zonse zaziwisi. Ine ndimagawa pawiri.

Ofwafwaza: kabichi, zitheba, karoti, repu, tanaposi, bonongwe wanthete, kholowa, nsawawa ndi mphukira za mphodza. Wiritsani madzi ambiri othira mchere, ponyani mtundu umodzi nthawi imodzi. Zitheba ndi karoti mphindi zitatu, kabichi mphindi imodzi kapena ziwiri, bonongwe ndi repu mphindi imodzi, mphukira theka la mphindi likwanira ngati ndinu athanzi. Vuulani ndi chikombe chobowola n'kuponya m'madzi ozizira aukhondo kuti kupsa kulekere pomwepo. Masamba amatsala obiriwira, okukutika. Soda musathire, amafewetsa masamba mpaka kulendera, n'kuwononganso mavitamini ena. Afinyeni pang'ono, chifukwa masamba achinyontho amasungunula msuzi.

Aawisi: tomato, nkhaka, anyezi, tsabola wobiriwira wosawawa, letesi ndi peyala. Anyezi akakhala waukali, mudulenidule n'kumuviika m'madzi a mandimu ndi kamchere kwa mphindi 10.

Chigwada chisalowe m'saladi ameneyu ngakhale pang'ono. Masamba a chinangwa ali ndi poizoni amene amatha pokhapokha atasinjidwa n'kuphikidwa nthawi yaitali, kufwafwaza sikukwanira. Nyemba zouma nazonso, mukafuna kuonjezera, zipse mpaka kufewa.

Sikofunika kuti zonsezi zikhalepo. Mitundu inayi kapena isanu ya zimene zili pamsika sabata imeneyo yakwana. M'dzinja bonongwe ali mbwee, m'nyengo yozizira kabichi ndi karoti zimatsika mtengo. Ndimangoyesetsa kuti m'mbale muoneke chobiriwira, chofiira ndi choyera.

Ndimaopa zamasamba zaziwisi chifukwa cha matenda otsegula m'mimba. Ndichite bwanji?

Mantha amenewa ndi oyenera. Tonse tikukumbukira kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'Malawi. Masamba ena a m'madimba amathiriridwa ndi madzi a m'mitsinje yodutsa m'mizinda, ndipo kutsuka kongonyowetsa sikuchotsa tizilombo.

Sambani m'manja ndi sopo musanayambe. Tsukani tomato, nkhaka ndi tsabola chimodzichimodzi ndi madzi amene mungamwe, kutanthauza owiritsa kapena othira mankhwala monga WaterGuard. Zosendeka sendani. Letesi ndi wovuta kutsuka chifukwa cha makwinya ake, choncho ngati simukudziwa komwe wachokera musiyeni, kabichi wofwafwaza alowe m'malo mwake. Viniga ndi mandimu ndi zokometsera, si mankhwala ophera kolera. Thabwa ndi mpeni zimene munadulira nyama kapena nsomba zitsukidwe ndi sopo kaye. Kukakhala mliri m'dera lanu, kapena ngati adye ndi mayi woyembekezera, mwana wamng'ono, agogo kapena wodwala amene chitetezo cha m'thupi chatsika, fwafwazani zonse ndipo mphukira zipse ndithu. Saladi wake amakomabe.

Msuzi wa mtedza umapangidwa bwanji?

Moyo wa mbale yonse uli pamenepa. Tengani kapu imodzi ya mtedza, musankhe bwinobwino. Wofota, wakuda, wachuku kapena wowawa tayani. Chuku cha mtedza chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuthetsa. Kazingani wabwinowo pamoto wochepa mpaka ununkhire, pukusani makoko, petani.

Mumtondo sinjani kaye adyo mano awiri, kambuzi mmodzi ndi kamchere. Onjezani mtedza, sinjani mpaka uyambe kutulutsa mafuta, koma timibulu tina titsale kuti pakhale chotafuna. Pambali viikani bwemba wochuluka ngati dzira la nkhunda m'madzi otentha theka la kapu, mufinye n'kusefa. Bwemba yemwe ana amabudula m'mitengo kuchigwa uja ndi amenenso ophika a ku Java, chilumba cha ku Indonesia, amathira mumsuzi umenewu. Iwo amamutchula kuti asam jawa. Akasowa, ndimu limodzi lilowe m'malo.

Thirani mtedza wosinjawo m'kapoto pamodzi ndi kapu imodzi ya madzi, madzi a bwemba, sipuni imodzi ya shuga wabulauni kapena uchi, ndi masipuni awiri a soy sauce. Takasani pamoto wochepa kwa mphindi zisanu mpaka timafuta tiyambe kuonekera pamwamba. Ukhale wochindikala ngati phala la mwana, woti n'kutsika pasipuni mwaulesi. Ukazizira umalimba, choncho sungani timadzi totentha tosungunulira. Lawani. Pakamwa pamveke zinthu zinayi: mchere, kutsekemera, kuwawasa ndi kuwawa kwa tsabola, popanda chimodzi chopondereza chinzake. Nthawi zambiri chimene chimaperewera ndi kowawasa.

Wofulumira atenge masipuni asanu a chiponde m'malo mwa mtedza wosinja, makamaka chiponde chopanda shuga. Nsinjiro zaziwisi zimathekanso, koma ziphikeni nthawi yotalikirapo, mphindi 10 kapena kuposa, monga mmene timachitira potendera.

Chenjezo kwa amene simudya nyama n'komwe: ku Indonesia ambiri amathira terasi mumsuziwu, amene ndi phala la nkhanu zing'onozing'ono za m'nyanja, ndipo krupuk, timapisi tokazinga tokukuta timene amaika pamwamba, kawirikawiri amakhalanso wa nkhanu. Mukagula msuzi wa m'botolo kapena mukadya kulesitilanti, funsani.

Chokhutitsa chikhale chiyani? Nsima singalowe?

Ku Indonesia amaika mbatatesi yowiritsa kapena lontong, mpunga wophikira m'masamba a nthochi mpaka kugwirana, n'kuudula m'mapisi. Ine ndimakonda mbatata yofiira mkati, yowiritsa kapena yootcha. Kutsekemera kwake kumagwirizana ndi mtedza, monga aliyense amene anadyapo futali akudziwa, ndipo ili ndi vitamini A wambiri. Mpunga wa Kilombero wozizira, chinangwa chophika, nthochi zophika kapena chimanga chachiwisi chokonola, zonsezi zimatheka.

Za nsima, palibe lamulo loletsa. Bambo anga aang'ono nditawapatsa mbale imeneyi anadya n'kuyamikira, kenako anati, "Mwanawe, ndiwozi zakoma, koma bweretsa kamtanda kamodzi." Ndinawaphikira, ndipo anapisa nsima mumsuzi wa mtedza mpaka mbale kuyera. Mukatero ingochotsani mbatata, chifukwa zokhutitsa ziwiri m'mbale imodzi zimalanda malo a masamba.

Tandiuzani miyeso yonse ya anthu anayi, ndi ndondomeko yake.

Tofu wolimba magalamu 400, mbatata zinayi zapakatikati, kotala la kabichi, zitheba zodzaza manja awiri, karoti awiri, mpukutu umodzi wa bonongwe kapena repu, nkhaka imodzi, tomato atatu, anyezi mmodzi wamng'ono, ndi msuzi wa kapu imodzi ya mtedza uja. Odya mazira aonjezere mazira awiri kapena anayi owiritsa.

Yambani ndi kupsinja tofu, popeza kumeneko n'kodikira. Pamene akukha madzi, ikani mbatata pamoto ndipo kazingani mtedza. Viikani tofu m'zokometsera, pangani msuzi, fwafwazani masamba m'poto umodzi motsatizana, kuyambira karoti kumalizira obiriwira. Tofu akazingidwe pomaliza kuti afike patebulo akadali wofunda. Ngati tofu ndi wogula, zonse zimatha mu ola limodzi.

Poika m'mbale musavundule zonse pamodzi ngati mukuphika ndiwo. Tengani mbale yaikulu yafulati, yalani masamba obiriwira pansi, zinazo muziike m'timilu, tofu pamwamba. Thirani theka la msuzi, wotsalawo uikeni m'kambale kuti aliyense adzionjezera. Wazani mtedza wokazinga wophwanya, ndipo mukakhala ndi nthawi, anyezi wokazinga mpaka kufiira, monga amachitira eni chakudyachi. Ikani mapisi a ndimu pambali.

Popanda nyama, kodi zomanga thupi zikwanira?

Zikwanira. Soya ndi imodzi mwa mbewu zochepa zimene zomanga thupi zake zili ndi tizigawo tonse 9 timene thupi silingapange lokha. Magalamu 100 a tofu wolimba amakhala ndi magalamu 10 mpaka 15 a zomanga thupi, malingana ndi kulimba kwake, pamene dzira limodzi lili ndi pafupifupi 6. Munthu wamkulu wolemera makilogalamu 60 amafuna pafupifupi magalamu 50 patsiku. Mukaphatikiza tofu ndi mtedza wa mumsuzi, mbale imodzi yakupatsani gawo lalikulu la zimenezo. Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene azaumoyo amatiphunzitsa kusikelo, mbale imeneyi ili ndi zokhutitsa, zanyemba, zamasamba ndi zamafuta; ndimu limabweretsa zipatso, dzira likalowa magulu onse akwana. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kudya magalamu osachepera 400 a masamba ndi zipatso patsiku, ndipo saladi ameneyu amakufikitsani patali.

Pali ziwiri zoti mudziwe. Ayironi wa m'zomera salowa m'magazi mosavuta ngati wa m'nyama, koma vitamini C wa m'mandimu ndi tomato amamuthandiza kulowa, pamene tiyi amamutsekereza. Choncho tiyi mumwe patapita ola limodzi kapena awiri mutadya. Chachiwiri ndi vitamini B12, amene sapezeka mu tofu, mtedza kapena masamba. Odya mazira ndi mkaka amamupeza mmenemo. Amene mwasiya zonse zochokera ku nyama muyenera kumwa mapiritsi ake, ndipo mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asachedwe kukambirana zimenezi ndi achipatala, chifukwa kuperewera kwake kumawononga mitsempha mwakachetechete.

Za kashiamu wolimbitsa mafupa: tofu woundanitsa ndi calcium sulphate ali naye wambiri, koma wa mandimu amene tapanga pakhomo ali naye wochepa. Bonongwe, repu ndi chitowe chowaza pamwamba zimathandizapo.

Ndinamva kuti soya amachepetsa mphamvu za abambo. N'zoona?

Si zoona. Mphekeserayi inabwera chifukwa soya ali ndi zinthu zotchedwa isoflavones, zimene kapangidwe kake kamafananako ndi mahomoni a amayi. Koma mphamvu yake m'thupi la munthu ndi yochepa kwambiri, ndipo kafukufuku amene anachitika pa amuna odya soya sanapeze kuti mahomoni achimuna amatsika. Amuna a ku China, Japan ndi Indonesia akhala akudya tofu mibadwomibadwo.

Alipo amene ayenera kusamala ndi chakudyachi?

Alipo. Amene thupi lawo limadana ndi soya kapena mtedza, amene akadya amatupa milomo, kuchita zidzolo kapena kubanika, asayese n'komwe. Kudana ndi mtedza kukhoza kupha. Mukaphikira alendo, funsani musanathire msuzi. Kwa wodana ndi mtedza yekha, pangani msuzi wa chitowe chokazinga kapena wa peyala wosakaniza ndi mandimu, ngati zimenezo amadya bwinobwino.

Amene mumamwa levothyroxine wa chithokomiro, soya amachepetsa kalowedwe ka mankhwalawo, choncho pakhale maola anayi pakati pa piritsi ndi tofu. Amene muli pa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, musasinthe mwadzidzidzi kuchuluka kwa masamba obiriwira amene mumadya osauza adokotala. A matenda a impso afunse kaye. A kuthamanga kwa magazi achenjere ndi soy sauce, ali ndi mchere wambiri zedi. Sipuni imodzi yaikulu ili ndi mchere woposa magalamu awiri, pamene WHO imati tisafike magalamu 5 patsiku. Chepetsani, onjezani mandimu ndi adyo. A matenda a shuga achotse shuga mumsuzi ndipo mbatata ikhale yochepa. Msuzi wa mtedza nawo ndi wonona, wofuna kuchepetsa thupi athire masipuni awiri kapena atatu, osati kusambitsa mbale.

Ndingatenge kuntchito? Nanga zotsala ndisunge bwanji?

Mungatenge, bola msuzi ukhale m'kabotolo kake, muthire pa nthawi yodya. Mukathiriratu m'mawa, pofika masana masamba amakhala atalefuka, atatulutsa madzi. Tomato ndi peyala muzidule pomwepo.

Tofu wosaphika amene watsala mumuike m'kontena, mumumize m'madzi aukhondo, mumusunge m'furiji, n'kumasintha madziwo tsiku lililonse. Adyedwe pasanathe masiku atatu kapena anayi. Akayamba kununkha zosasa, kuterera kapena kusintha mtundu, mutayeni. Msuzi umakhala masiku anayi m'furiji, masamba ofwafwaza masiku awiri. Mpunga wotsala uziziritseni msanga ndipo usagone panja.

Ngati mulibe furiji, kapena magetsi azima tsiku lonse, tofu mumuone ngati nsomba yaiwisi: wapangidwa lero, adyedwe lero. Mukamukazinga yense akangotha kupsinjidwa, wam'mawa amafika madzulo bwinobwino atavundikiridwa pamalo pozizira.

Ana anga sakonda masamba. Angadye zimenezi?

Anga anayambira pa tofu wokazinga yekha, kumutola ndi manja n'kumupisa mumsuzi ngati tchipisi. Sindinawakakamize kalikonse. Ndinkangoika karoti, nkhaka ndi zitheba zodula zazitalizitali pafupi ndi kambale ka msuziko, ndipo patapita masiku anayamba kupisanso zimenezo. Msuzi wa ana ndimaupatula ndisanathire kambuzi. Kwa mwana wosakwana zaka zisanu mtedza usinjike mpaka kusalala, wathunthu kapena wophwanya musamupatse chifukwa angatsamwe, ndipo karoti afwafwazidwe mpaka afewe. Mwana wanga wamkulu tsopano ndi amene amasinja mtedza Loweruka, ndipo bonongwe yekha ndi amene akumukankhirabe m'mphepete mwa mbale.